JOHN KIPLING: MSILIKALI AMENE MANDA AKE ADASOWA ZAKA 77

Pa tsamba lino timakamba za anthu amene adatisiya kalekale koma mbiri yawo ikadali ndi phunziro kwa ife amoyo. Lero tikamba za mnyamata wa ku England amene adakhala ndi moyo zaka 18 ndi masabata 6 okha. Iye sadalembe buku, sadalamulire dziko, ndipo nkhondo yeniyeni adaimenya madzulo amodzi basi. Chimene chidamutchukitsa ndi dzina la atate ake, ndiponso kusowa kwa mtembo wake, kumene kudasautsa makolo ake mpaka tsiku la imfa yawo ndi kutangwanitsa ofufuza mbiri yakale kwa zaka 100.

Ife kuno timadziwa kuti maliro opanda mtembo satha. Munthu akafera ku Johannesburg kapena ku Harare, abale amasonkha ndalama, ena kugulitsa mbuzi, kuti thupi lifike kumudzi likagone pamodzi ndi makolo, ndipo zikalephereka mtima wa mayi sukhazikika. Motero owerenga savutika kumvetsa chisoni cha banja limene tikambe pano, ngakhale lidali banja lolemera ndi lodziwika pa dziko lonse. Aphunzitsi ndi ophunzira apezamonso china, ndicho njira yofunira choona pamene mboni zikusiyana mawu ndipo mapepala a boma ali ndi zolakwa.

Mwana wa mlembi wotchuka

John Kipling adabadwa pa 17 Ogasiti 1897 m'mudzi wa Rottingdean, m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Sussex, kummwera kwa England. Atate ake adali Rudyard Kipling, mlembi wa nthano ndi ndakatulo amene adabadwira ku Bombay, m'dziko la India, m'chaka cha 1865. Mabuku awo monga The Jungle Book la 1894 ndi Kim la 1901 ankawerengedwa kulikonse kumene Chingerezi chidafika, ndipo m'chaka cha 1907 adalandira mphotho ya Nobel, kukhala mlembi woyamba wa Chingerezi kuilandira. Amayi ake, a Caroline, adali ochokera ku America.

John adali mzime, ndiponso mwana wamwamuna yekhayo m'banjamo. Alongo ake adali awiri, Josephine ndi Elsie. Josephine adamwalira ndi chibayo ku New York m'chaka cha 1899 ali ndi zaka 6, pa nthawi imene atate akenso adali gone ndi nthenda yomweyo, kotero kuti sadathe kuperekeza mwana wawo. Kuyambira pamenepo makolowo adakangamira kwambiri ana awiri otsalawo. M'chaka cha 1902 banjali lidasamukira ku nyumba yakale yotchedwa Bateman's, pafupi ndi mudzi wa Burwash, ndipo ana awiri amene ali m'buku la Puck of Pook's Hill la 1906 ndi chithunzi cha John ndi Elsie akusewera m'minda ya kumeneko. Kuyambira 1900 mpaka 1908, chaka chilichonse m'nyengo yozizira banjali linkapita ku Cape Town, kumene linkakhala m'nyumba yotchedwa The Woolsack, imene Cecil Rhodes, bwenzi la Bambo Kipling, adawapatsa kuti azifikiramo.

John adaphunzira pa sukulu ya St Aubyns ku Rottingdean, kenaka pa Wellington College, kumene ana ambiri a akuluakulu a nkhondo ankapita. M'kalasi sadali wanzeru zodabwitsa. Adali mnyamata wansangala, wokonda nthabwala, njinga zamoto ndi magalimoto, ndipo makalata amene ankalemberana ndi atate ake amaonetsa anthu awiri okondana ngati mabwenzi. Bambo Kipling ankalakalaka kuti mwana wawo adzakhale msilikali wa pamadzi, koma padali chopinga: John adatengera atate ake maso ofooka, ndipo popanda magalasi sankatha kuona chinthu chapatali. Khomo la usilikali wa pamadzi litatsekeka, iye adachoka ku Wellington kupita kwa mphunzitsi wapadera ku Bournemouth kukakonzekera mayeso olowera usilikali wa pamtunda.

Khomo limene madokotala adatseka

Pa 4 Ogasiti 1914 dziko la Britain lidalowa nkhondo yolimbana ndi Germany. Kwa zaka zambiri Bambo Kipling adakhala akuchenjeza anthu a kwawo kuti nkhondoyi ikubwera, ndipo itayamba adayenda m'misonkhano kulimbikitsa anyamata kuti alembetse usilikali. John, asanakwanitse n'komwe zaka 17, adapita ku London kukalembetsa, koma madokotala adamubweza chifukwa cha maso. Adayesanso kwina, ndipo adabwezedwanso.

Apa mpamene dzina la atate lidagwira ntchito. Bambo Kipling adali ndi bwenzi lawo lakale, Lord Roberts, nkhalamba imene idatsogolerapo asilikali a Britain ku India ndi pa nkhondo yolimbana ndi Mabunu ku South Africa. Pa nthawiyi Roberts ndiye adali mkulu wolemekezeka wa gulu la asilikali lotchedwa Irish Guards. Atapemphedwa adavomera, ndipo m'mwezi wa Sepitembala 1914 John adakayamba maphunziro a usilikali ku Warley, m'chigawo cha Essex. Udindo wake udali wa lefitenanti wachiwiri, umene uli wotsika pa maudindo onse a maofisala, ndipo chizindikiro chake ndi nyenyezi imodzi paphewa. Owerenga asunge nyenyezi imeneyi m'mutu, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Kungakhale kulakwa kunena kuti atate adakankhira mwana kunkhondo iye asakufuna. John ankafunitsitsa kupita, kotero kuti adaganizapo zolowa ngati msilikali wamba. Anzake onse ankapita, ndipo masiku amenewo mnyamata wotsala pakhomo ankanyozedwa. Komabe choona nchakuti lamulo lidamuteteza kawiri, ndipo amene adachotsa chitetezocho ndi atate ake. Popeza adali wamng'ono, padafunikanso chilolezo cha kholo kuti atumizidwe kutsidya kwa nyanja, ndipo Bambo Kipling adachipereka.

Madzulo a pa 27 Sepitembala

Bataliyoni yachiwiri ya Irish Guards idafika ku France pakati pa mwezi wa Ogasiti 1915, pa masiku amene John ankakwanitsa zaka 18. Kwa masabata angapo asilikaliwo adakhala kumbuyo akuchita maphunziro, ndipo John ankalemba makalata opempha tinthu tating'ono ta kunyumba. M'kalata ina ya mu Sepitembala adapempha atate ake kuti amutumizire kachitsulo kena kolembedwa dzina, kovala m'khosi, chifukwa kake adali atataya. Kachitsulo kotere ndiko kankadziwitsa oika maliro kuti wakufayo ndani. Pempholo lidaoneka laling'ono pa nthawiyo, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Loos ndi mudzi wa migodi ya malasha kumpoto kwa France, pafupi ndi mzinda wa Lens. Dziko lake ndi lachidikha, losowa pobisala, ndipo Ajeremani adali atakhazika mfuti zawo za chiwaya pa milu ya dothi lochokera m'migodi ndiponso m'nyumba za antchito. Pa 25 Sepitembala 1915 Angerezi adayamba nkhondo yaikulu kumeneko. Aka kadali koyamba kuti iwo agwiritse ntchito mpweya wakupha wotchedwa chlorine, ndipo m'malo ena mphepo idaubweza kwa eni ake. Tsiku loyamba adalanda mudzi wa Loos, koma asilikali odzathandiza adasungidwa kutali, nafika mochedwa ali otopa, ndipo pa 26 adaphedwa ambirimbiri. Pa 27 akuluakulu adatumiza magulu a Guards, amene adali atayenda mtunda wautali m'mvula ndi m'matope.

Cha m'ma 4 koloko madzulo a tsikulo, a Irish Guards adalamulidwa kulanda kankhalango kotchedwa Chalk Pit Wood, kumpoto chakum'mawa kwa Loos, ndipo adakalanda. Patsogolo pake padali nyumba za mgodi wotchedwa Puits 14 bis, zimene gulu lina, la Scots Guards, lidayenera kulanda. Ena mwa a Irish Guards, pamodzi ndi John, adathamanga nawo. Kumeneko ziwaya za adani zidawasesa kuchokera m'nkhalango yoyandikana, ndipo opulumuka adabwerera m'mbuyo. Poitana maina, John Kipling padalibe. Pamene nkhondo ya ku Loos inkatha m'mwezi wa Okutobala, Britain idali itataya anthu oposa 50,000, kuwerenga ophedwa, ovulala ndi osowa, ndipo mtsogoleri wa asilikali onse, Sir John French, adachotsedwa pa udindo m'mwezi wa Disembala.

Makolo afunafuna

Pa 2 Okutobala uthenga udafika ku Bateman's wakuti John wavulala ndipo sakupezeka. Uthenga wotere ndi wankhanza kuposa wa imfa, pakuti umasiya kachiyembekezo kamene sikalola munthu kuyamba maliro. Mwina mwanayo adagwidwa ukaidi, mwina ali m'chipatala cha adani ndipo sangathe kulemba. Bambo ndi Mayi Kipling adagogoda pa khomo lililonse limene dzina lawo likadatha kutsekula. Adalembera bungwe la Red Cross. Adapempha kazembe wa America ku London kuti afunse kwa Ajeremani, popeza America idali isanalowe nkhondo. Adapemphanso a banja lachifumu la ku Sweden. Ndege za Britain zidamwaza timapepala ta Chijeremani m'dera la adani, topempha aliyense wodziwa za mwana wa mlembi wotchukayo kuti anene. Makolowo adayendanso m'zipatala kufunsa asilikali ovulala a Irish Guards, mmodzimmodzi.

Mboni zidasiyana mawu. Ena adati adamuona atavulala mwendo, ena adati adamuona akuwombera ndi kamfuti kake ka m'manja pafupi ndi nyumba za mgodi. M'chaka cha 1917 sajeni wina adafotokoza kuti chipolopolo chidamulasa m'mutu, ndipo kuti adagonekedwa m'dzenje lokumbidwa ndi bomba m'mphepete mwa nkhalango ija. Mlembi H. Rider Haggard, bwenzi la banjali, adapeza msilikali wina amene adati adaona ofisala wamng'ono, yemwe adamuyesa John, akulira ndi ululu bomba litamuphwanya pakamwa, uku akuyesa kudzimanga bala. Msilikaliyo sadamuthandize poopa kumuchititsa manyazi bwana wake. Haggard adasunga nkhani imeneyi mumtima, osawauza makolowo.

Sikuti anthuwa ankanama. Pa nkhondo pamakhala utsi, phokoso ndi mantha, ndipo munthu aliyense amaona kachigawo kochepa ka zochitika. Komanso munthu wolankhula ndi kholo lofedwa amasankha mawu ofewa. Chifukwa chake wofufuza mbiri amafunsa mafunso atatu pa mboni iliyonse: idaima pati, idalankhula patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo inkalankhula kwa yani.

Malo amene John adagwera adakhala pakati pa magulu awiri olimbanawo kwa nthawi yaitali, mabomba akutipula nthaka usana ndi usiku, ndipo phiri loyandikana nalo, lotchedwa Hill 70, lidalandidwa ndi asilikali a ku Canada m'mwezi wa Ogasiti 1917. Nkhondo idatha mu Novembala 1918, akaidi adabwerera kwawo, koma John sadaoneke. M'chaka cha 1919 atate ake adavomereza kuti mwana wawo adafa pa 27 Sepitembala 1915.

Wosowa manda asamala manda a anzake

Madzi akatayika saoleka. Bambo Kipling sankakonda kukamba za John pagulu, koma zaka zawo zotsala adazipereka kwa akufa a nkhondoyo. M'chaka cha 1917 adalowa m'bungwe latsopano losamala manda a asilikali, la Imperial War Graves Commission, limene adaliyambitsa ndi Fabian Ware ndipo kuyambira 1960 limatchedwa Commonwealth War Graves Commission. Bungweli lidagwirizana kuti mitembo isatengedwe kupita kwawo, ndi kuti ofisala ndi msilikali wamba, wolemera ndi wosauka, alandire mwala wofanana. Bambo Kipling ndiwo ankasankha mawu olemba pa miyala ndi pa zipilala. Ndiwonso adakonza mawu a pa manda a msilikali wosadziwika, onena kuti wogona pamenepo amamudziwa ndi Mulungu.

Mabanja ena adakwiya ndi malamulowa, pofuna kutenga ana awo kapena kuwamangira ziliza zakumtima kwawo, ndipo nkhaniyi idafika ku Nyumba ya Malamulo mu Meyi 1920. Kumeneko phungu wina adawerenga kalata ya Bambo Kipling. M'kalatamo iwo adafotokoza kuti banja lawo silidzakhala ndi manda opitako, popeza nthaka ya ku Loos idatipulidwa kotero kuti palibe chingapezeke, ndipo kuti odandaulawo akadazindikira mwayi umene ali nawo pokhala ndi dzina lolembedwa pa mwala pamalo odziwika. Maganizo a bungwe adapambana.

M'chaka cha 1923 adatulutsa mbiri ya Irish Guards pa nkhondoyo, m'mabuku awiri, atafunsa asilikali ambiri ndi kuwerenga zolemba za gululo. M'menemo mwana wawo adangomutchula mwachidule pakati pa maofisala ena ovulala ndi osowa, osamupatsa malo oposa anzake. M'chaka cha 1930 adakhala nawo pa mwambo wotsekulira chikumbutso cha ku Loos, pa manda a Dud Corner, pamene padalembedwa maina oposa 20,000 a asilikali opanda manda odziwika, la John lili pomwepo. Bambo Kipling adamwalira pa 18 Januwale 1936 ndi zilonda za m'mimba zimene zidawasautsa zaka zambiri. Mayi Kipling adatsatira mu 1939, ndipo Elsie adamwalira mu 1976 wopanda mwana. Onse atatu adapita osadziwa pamene John adagona.

Chilembo chimodzi

Tsono tibwerere m'mbuyo pang'ono. Nkhondo itatha, magulu a asilikali adatumizidwa kukasesa malo onse omenyerapo, kufukula mitembo yomwazikana ndi kuisonkhanitsa m'manda akuluakulu. Pa mtembo uliwonse kalaliki ankalemba pepala lonena malo pamene wapezeka ndi zizindikiro zimene udali nazo. Pa 23 Sepitembala 1919 gulu lina lidapeza mtembo wopanda dzina, ndipo poona zovala ndi zizindikiro lidalemba kuti ndi lefitenanti wa Irish Guards. Adauika m'manda a St Mary's Advanced Dressing Station, pafupi ndi mudzi wa Haisnes, m'chigawo 7, mzere D, manda achiwiri. M'manda amenewo mudagona asilikali pafupifupi 1,800, ndipo oposa 1,500 alibe maina. Izi zidachitika miyezi yoposa 7 kalata ija isanawerengedwe ku Nyumba ya Malamulo.

Kuti timvetse chifukwa chake palibe adaganizira za John, tiyenera kudziwa momwe mapu a nkhondo ankawerengedwera. Mapu ankagawidwa m'zigawo zikuluzikulu zotchedwa ndi zilembo, A, B, C mpaka X, chilichonse cha mayadi 6,000 m'lifupi. Chigawo chilichonse chinkagawidwanso m'timabokosi ta manambala, ta mayadi 1,000 mbali iliyonse, ndipo kabokosi kalikonse kadali ndi magawo anayi, a, b, c ndi d. Kalaliki wa mu 1919 adalemba kuti mtembowo udapezeka pa G.25.c. Malo amenewo ali kumadzulo, kumbuyo kwa mzere wa Angerezi, kumene a Irish Guards sadamenyeko nkhondo pa 27 Sepitembala. Motero pepalalo lidagona m'kabati zaka zoposa 70.

M'chaka cha 1992 Norm Christie, wa ku Canada, amene ankagwira ntchito yosamala kaundula wa bungwe la manda lija, adaliwerenga pepalalo mofatsa. Adadzifunsa kuti lefitenanti wa Irish Guards adakafika bwanji pa malo otero. Poyang'ana mapu adaona kuti munthu akasintha chilembo chimodzi chokha, G kukhala H, manambala onse osawakhudza, malowo amasuntha mayadi 6,000 kupita kum'mawa, ndiwo makilomita 5 ndi theka, ndipo amagwera pa Chalk Pit Wood penipeni. Kenaka adaona m'kaundula maofisala a Irish Guards amene adafa kapena kusowa m'deralo, napeza kuti wa udindo wa lefitenanti wopanda manda odziwika adali John Kipling. Bungwe lidakhutira, ndipo chaka chomwecho lidachotsa mwala wa msilikali wosadziwika ndi kuikapo wa dzina la John. Zidatero kuti mawu amene atate adakonzera ana a eni ake osadziwika adakhala zaka zambiri ali pamutu pa mwana wawo yemwe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Manda amene akazembe, mafumu ndi ndege adalephera kupeza adapezeka ndi munthu wokhala pa tebulo, wosanyoza pepala la kalaliki.

Otsutsa ndi oyankha

Nkhani sidathere pomwepo, ndipo nkoyenera kuti sidathe, pakuti chigamulo chimene sichidayesedwe ndi otsutsa sichikhala cholimba. M'chaka cha 1998 Tonie ndi Valmai Holt, banja lolemba mabuku a malo a nkhondo, adatulutsa buku lotsutsa chigamulocho. Mfundo zawo zidali ziwiri. Yoyamba idali ya nyenyezi ija. Mtembowo udalembedwa kuti ndi wa lefitenanti, amene amavala nyenyezi ziwiri, pamene kukwezedwa kwa John kudalengezedwa mu nyuzipepala ya boma ya London Gazette m'mwezi wa Novembala 1915, iye atafa kale. Choncho, iwo adati, pa tsiku la nkhondo adali ndi nyenyezi imodzi. Yachiwiri idali yakuti munthu sayenera kusintha chilembo cha pa pepala pofuna kuti chigwirizane ndi yankho limene akulifuna. Iwo adaganiza kuti mtembowo ungakhale wa Arthur Jacob, lefitenanti wa gulu lina lotchedwa London Irish Rifles, amene adasowanso pa nkhondo yomweyo, ndi kuti ofukula adasokoneza zizindikiro za magulu awiriwo.

Unduna wa zachitetezo wa ku Britain udaunikanso nkhaniyi mu 2002 ndipo sudasinthe chigamulo. M'mwezi wa Januwale 2016 ofufuza ena awiri, Graham Parker ndi Joanna Legg, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini a bungwe la Western Front Association. Pa za nyenyezi, adaonetsa kuti ngakhale chilengezo chidatuluka mu Novembala, kukwezedwako kudawerengedwa kuyambira pa 7 Juni 1915, ndipo kuti masiku amenewo London Gazette inkachedwa, kotero kuti ofisala ankatha kuvala chizindikiro chatsopano chilengezo chisanatuluke. Pa za malo, adaunika mapu ndi mapepala a ntchito yofukulayo, naonetsa kuti chilembo chija chidalidi cholakwa cha wolemba. Bungwe la manda silifukula mitembo pofuna kuyeza kuti ndi ya yani, motero umboni wonse wagona pa mapepala. Mwala wa ku Haisnes uli ndi dzina la John Kipling, lefitenanti wa Irish Guards, wa zaka 18.

Nanga athu?

Nkhani imeneyi ili ndi nthambi imene imafika kwathu kuno. Nkhondo yomweyo, imene makolo athu adaitcha ya Chiwaya, idamenyedwanso pa nthaka yathu, ku Karonga, pa 9 Sepitembala 1914, ndipo manda a kumeneko amasamalidwa ndi bungwe lomwe lija. Kuchokera ku Nyasaland, amuna pafupifupi 19,000 adalowa usilikali wa King's African Rifles, umene makolo ankautcha wa Keyala, ndipo pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo m'thengo la dziko limene lero ndi Tanzania ndiponso kumpoto kwa Mozambique. Ambiri adafa ndi njala, kamwazi ndi malungo. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a Keyala, koma amtengatenga ambiri adakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda wolemba dzina.

Ku Dar es Salaam, ku Mombasa ndi ku Nairobi kuli zipilala zokumbukira asilikali ndi amtengatenga a mu Africa, ndipo mawu olembedwa pa zipilalazo adakonza ndi Rudyard Kipling yemweyo. Mawuwo ndi aulemu, koma pa zipilalazo palibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Lamulo lakuti akufa onse alemekezedwe mofanana, limene Bambo Kipling adaliteteza ku Ulaya, silidatsatidwe mu Africa. M'mwezi wa Epulo 2021 bungwe la manda lidavomereza poyera kuti akufa osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain idapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kudatsekulidwa chikumbutso chatsopano cha maina oposa 1,700 a antchito a nkhondo a ku South Africa amene adaiwalika.

John Kipling adapezeka chifukwa kalaliki wina, ngakhale adalakwitsa chilembo, adalemba, ndipo pepala lake lidasungidwa. Ambiri mwa athu adalibe kalaliki wotero, koma maina awo sadatheretu. Akadali m'kamwa mwa agogo amene adamva kwa agogo awo kuti uje adatengedwa ku mtengatenga ndipo sadabwerere. Aphunzitsi angachite bwino kutuma ana awo a sukulu kukafunsa maina amenewa, ndi kuwalemba m'buku pamodzi ndi mfunda wa munthuyo, mudzi wake, mfumu yake, ndi dzina la amene wafotokoza. Ndipo polemba asamale chilembo chilichonse, pakuti taona kuti chilembo chimodzi chidabisa mwana kwa makolo ake mpaka iwo adalowa m'manda.